Khoko la .303 Likasanduka 6mm Musgrave: Luso Losintha Makoko a Zipolopolo

Mfuti yosamalidwa bwino imakhala zaka zambiri kuposa fakitale imene inkapanga zipolopolo zake. Zilipo mfuti za Mauser ndi za Lee-Enfield zimene zinatuluka m'fakitale nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe koma mpaka lero zimalasa pamene walozapo, ndipo nthawi zambiri chimene chimaziika pakona si dzimbiri ayi, koma kusowa kwa chipolopolo cholowamo. Pamenepa ndi pamene pamayambira luso limene ndikufuna kulifotokoza, lotenga khoko la mkuwa la mtundu wina wa chipolopolo n'kulipanikiza m'chikombole chachitsulo, kulidula ndi kulifewetsa ndi moto mpaka litakhala khoko la mtundu winanso. Luso limeneli linakulira ku America, ku Australia ndi kuno ku South Africa kumene ndimakhala, ndipo ndimalilemekeza kwambiri, ngakhale kuti ndimaona kuti ambiri amaliyamba pa zifukwa zosakwanira.

Ndiyambe ndi za malamulo, chifukwa nkhani ya zipolopolo si yoseweretsa. Kuno ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000 limalola munthu amene ali ndi laisensi ya mfuti kudzidzazira yekha zipolopolo za mfuti yakeyo, ndipo limaikanso malire a zinthu zimene angasunge kunyumba. Kwathu ku Malawi, kupezeka ndi mfuti kapena chipolopolo popanda chilolezo cha boma ndi mlandu waukulu. Zimene ndikulembazi ndi za alenje ndi oombera chandamale amene ali ndi ziphaso zawo, m'mayiko amene ntchitoyi ndi yololedwa, ndipo simupezamo miyeso ya wonga, chifukwa imeneyo imatengedwa m'mabuku a makampani amene anaiyesa ndi zida zoyezera, osati kwa munthu wolemba pa intaneti.

Chipolopolo cha mfuti yaikulu chili ndi zinthu zinayi: khoko la mkuwa, wonga umene uli m'kati mwake, kachitsulo koyatsa wongawo kotchedwa primer kamene kamakhala kutsinde, ndi mutu umene umauluka kukalasa. Mfuti ikalira, zitatu zapita ndipo limatsala ndi khoko lokha, lomwenso ndi lokwera mtengo kuposa zinzakezo ndiponso lotha kugwiritsidwa ntchito kangapo. Khokolo lili ndi tsinde lolimba, thupi, phewa pamene limayamba kuchepa, ndi khosi limene limagwira mutu. Ntchito yake si kusunga wonga kokha. Pa kamphindi kamene wonga ukuyaka, khoko limafufuma n'kukakamira ku makoma a chipinda cha mfuti, malo a kumbuyo kwa mpope amene chipolopolo chimakhalamo, motero limatseka njira kuti mpweya wotentha usabwerere kunkhope kwa woombera, kenako limabwerera pang'ono kuti lithe kutuluka. Mphamvu ya mpweya umenewo m'chipolopolo cha mtundu wa .30-06 imatha kufika pa ma bar 4,000, ndipo chimene chaima pakati pa mphamvuyo ndi diso la munthu ndi kachidutswa ka mkuwa kameneka. Aliyense wofuna kusintha maonekedwe a khoko ayenera kuyamba wakumbukira zimenezi.

Chimene chimachititsa kuti kusinthaku kutheke ndi chakuti zipolopolo zili ndi mabanja. Okonza mitundu yatsopano kawirikawiri sayambira pachabe, koma amatenga khoko limene lilipo kale n'kusintha khosi, phewa kapena kutalika kwake, tsinde n'kulisiya momwemo. Chipolopolo cha asilikali a Germany cha mu 1888, chimene chinadzakhala 8x57 (mutu wa mamilimita 8, khoko lotalika mamilimita 57), chinabwera ndi tsinde lotambalala pafupifupi mamilimita 12, ndipo muyeso womwewo unalowa mu 7x57 Mauser, mu .30-06 Springfield ya mu 1906, ndiponso mu .308 Winchester ya mu 1952. M'banja la .30-06 muli .270 Winchester ya mu 1925, muli .25-06, .280 Remington ndi .35 Whelen. Kuchokera ku .308 kunabadwa .243 Winchester ndi .358 Winchester mu 1955, 7mm-08 mu 1980, ndi .260 Remington mu 1997. Ambiri mwa ana amenewa anayamba ngati zipolopolo za anthu wamba zotchedwa wildcat, zimene panalibe fakitale yozipanga. Mwachitsanzo, .35 Whelen inapangidwa mu 1922 pokulitsa khosi la .30-06, koma kampani ya Remington inadzayamba kuigulitsa mu 1988, kutanthauza kuti kwa zaka zoposa 60 eni mfuti zotere ankadzipangira okha makoko. Nayo .25-06 inadikira mpaka 1969. Choncho kusintha makoko si chinthu chapambali m'mbiri ya mfuti, koma ndi njira imene mitundu yambiri yotchuka lero inabadwira.

Nkhondo yachiwiri itatha, asilikali a ku America anabwerera kwawo ndi mfuti zambiri za Mauser za ku Germany ndi za Arisaka za ku Japan, koma zipolopolo zake kunalibe m'masitolo, pamene makoko a .30-06 anali mbwee. Anthu anayamba kukankhira phewa la .30-06 kumbuyo n'kulidula kuchoka pa mamilimita 63 kufika pa 57 kuti lilowe mu Mauser, ndipo ena ankapanga 7.7 ya ku Japan mwanjira yofananayo. M'nyengo yomweyo, Fred Huntington wa ku Oroville ku California anayambitsa kampani ya RCBS mu 1943, ndipo zikombole zake zoyamba zinali zopangira mitu ya zipolopolo pogwiritsa ntchito timakoko totayidwa ta .22, chifukwa nkhondo inali itameza zipangizo zonse. Luso lonseli linaphuka pa kusowa, ndipo ndikukhulupirira kuti pamene palibe kusowa, chifukwa cholichitira chimachepa kwambiri.

Banja limene ineyo ndimalidziwa ndi manja anga ndi la .303 British. Chipolopolo chimenechi si chachilendo kwa ife, pakuti ndi chimene agogo athu a ku King's African Rifles ankanyamula m'mfuti za Lee-Enfield pa nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu, ndipo chinakhalabe m'manja mwa apolisi ndi oyang'anira nyama zakutchire m'mayiko ambiri a kuno kumwera kwa zaka zambiri pambuyo pake. Nkhondo zitatha, mfuti zimenezi zinagulitsidwa motchipa m'mayiko amene anali pansi pa Britain. Ku Australia, kumene malamulo a m'madera ena ankaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti za muyeso wa asilikali, amisiri anaziika mipope yatsopano n'kuchepetsa khosi la khoko, ndipo kunabadwa .303/25 ndi .303/22. Kuno ku South Africa, Ben Musgrave wa ku Bloemfontein anachita zofananazo m'zaka za m'ma 1950 pochepetsa khosi la .303 kuti ligwire mutu wa mamilimita 6, ndipo chipolopolocho chinatchedwa 6mm Musgrave.

Wina angafunse chifukwa chimene sanangoika mpope wa .243 Winchester, umene mutu wake ndi wofanana. Yankho lake lili m'mfuti momwemo. Khoko la .303 lili ndi mkombero wotulukira kunja kutsinde kwake, ndipo boliti (chitsulo chotsekera chipolopolo m'chipinda) ndi magazini (mosungira zipolopolo) ya Lee-Enfield zinapangidwira mkombero umenewo, pamene .243 ilibe. Chachiwiri ndi mphamvu: bungwe la C.I.P., limene limaika miyeso ya mfuti ndi zipolopolo ku Ulaya, limalola ma bar 3,650 pa .303 koma ma bar 4,150 pa .243, ndipo Lee-Enfield yakale, imene boliti yake imakhomera kumbuyo, sinapangidwire mphamvu yachiwiriyo. Musgrave anapatsa mlimi wa ku Free State, chigawo chimene kuli Bloemfontein, chipolopolo chouluka mowongoka, choyenera nyama zing'onozing'ono za m'chigwa monga springbok, popanda kumugulitsa mfuti yatsopano. Fakitale ya PMP ya ku Pretoria inadzayamba kupanga zipolopolo zake, koma masiku ano sikuti sitolo iliyonse imene mungalowe mukazipeza, ndipo kunja kwa dziko lino n'zosowa zedi. Mwini mfuti yotere amene akufuna kuti isakhale chokongoletsera khoma amafika poyang'ana thumba la makoko a .303.

Tsono tiyeni tiime pa benchi yogwirirapo ntchitoyi. Chinthu choyamba ndi kusankha makoko, ndipo apa pokha pamagona theka la ntchito. Makoko akale a asilikali ndi osayenera, ngakhale atapezeka aulere. Ambiri ali ndi primer ya mtundu wa Berdan, imene mukasuzumira m'kati mwa khoko ndi tochi mumaona timabowo tiwiri tating'ono m'malo mwa bowo limodzi lapakati, ndipo kamsomali ka m'chikombole kochotsera primer kamathyoka kakagunda pamenepo. Oyenera ndi a mtundu wa Boxer, a bowo limodzi, atsopano kapena oomberedwa kamodzi, ochokera ku kampani imodzi monga PMP kapena Prvi Partizan ya ku Serbia. Kusakaniza makampani n'kulakwitsa, chifukwa makoma a makoko awo amasiyana kukhuthala, ndipo khoko lokhuthala limakhala ndi malo ochepa m'kati, zimene zimakweza mphamvu ya mpweya ngakhale wonga ukhale womwewo.

Khoko lililonse limapakidwa mafuta ake apadera, amene ambiri timagwiritsa ntchito okhala ngati phula, otengedwa ndi nsonga ya chala. Mafuta akachepa, khoko limakanirira m'chikombole ndipo pokoka mkombero umaduka n'kulisiya m'katimo. Akachuluka, amasowa kothawira n'kubowola timaenje paphewa, tooneka ngati wina wadinapo ndi chikhadabo. Mutu wa .303 ndi wa inchi 0.311 pamene wa Musgrave ndi wa inchi 0.243, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu moti kukakamiza khosi kuti lichepe ulendo umodzi kumalipinda makwinya kapena kugwetsa phewa m'kati mwa thupi. N'chifukwa chake ntchitoyi imayenda pang'onopang'ono, kudutsa m'chikombole chapakati kaye, kenako chomaliza. Dzanja limene lili pa chogwirira cha pulesi, chipangizo chokankhira khoko m'chikombole, limamva zonse. Khoko likamayenda bwino, kulemera kumakwera mosalala mpaka kumapeto, koma likayamba kupindika mumamva kulemerako kukutha mwadzidzidzi, ndipo mukalitulutsa mumapeza phewa lafwanyika. Khoko lotero limapita m'chitini cha zotaya, chifukwa palibe njira yoliwongolera imene ingalibwezere mphamvu yake.

Mfundo imene ambiri oyamba kumene saiganizira ndi yakuti mkuwa sutha, umangosamuka. Khosi likachepa m'mimba mwake, mkuwa umene unali wozungulira bwalo lalikulu uyenera kukwana m'bwalo laling'ono, choncho wina umapita m'litali ndipo khoko limatalika, wina umakhuthalitsa khoma la khosi. Zonse ziwirizi ndi zoopsa zikapanda kuyezedwa. Khoko lotalika mopitirira muyeso limalowa pamene chipinda chathera, mlomo wake n'kufinyidwa pa mutu. Khosi lokhuthala nalo limadzaza malo onse a m'chipinda, moti wonga ukayaka limasowa mpata wofufumira kuti lisiye mutu upite. M'njira zonse ziwiri mutu umagwidwa pa nthawi imene uyenera kumasuka, ndipo mphamvu ya mpweya imakwera kupitirira pamene mabuku ananena, ngakhale munthu anayeza wonga molondola. Ichi n'chifukwa chake khoko lililonse limadulidwa pa muyeso wake ndi kuyezedwa ndi kalipa, ndipo khosi la chipolopolo chodzaza limayezedwa ndi maikuromita n'kuyerekezedwa ndi kukula kwa chipinda. Likapezeka lokhuthala, limasendedwa kunja ndi kampeni kapadera kozungulira. Pali kayesedwe kena kosavuta kamene ndimakakhulupirira: mukaombera, tengani mutu watsopano n'kuulowetsa ndi zala m'khosi la khoko loomberedwalo. Ukalowa momasuka ndiye kuti mpata unalipo, koma ukakana ndiye kuti khosilo silinapeze pofufumira, ndipo makoko onse a gulu limenelo ayenera kuyezedwanso asanadzazidwe.

Vutoli limakula kwambiri pamene khoko lafupikitsidwa, monga popanga 8x57 kuchokera ku .30-06, chifukwa khosi latsopano limapangidwa ndi mkuwa umene kale unali phewa ndi thupi, ndipo khoma la khoko limanka likhuthala likamayandikira kutsinde. Kukulitsa khosi, monga popanga .35 Whelen, kuli ndi vuto lotembenuka, pakuti khoma limapyapyala ndipo limatha kung'ambika, komanso khoko limafupika pang'ono. Kufupika pang'onoko sikuvuta kwenikweni. Khoko la .270 lopangidwa kuchokera ku .30-06 limatuluka lalifupi ndi milimita imodzi ndi pang'ono, popeza .270 ndi ya inchi 2.540 pamene .30-06 ndi ya inchi 2.494, ndipo limagwira ntchito bwinobwino.

Tsopano za moto. Mkuwa wa makoko ndi wosakaniza magawo 70 a kopa ndi magawo 30 a zinki pa 100 alionse, ndipo khalidwe lake n'lakuti ukamapindidwa umalimba. Aliyense amene anapangapo galimoto ya waya ali mwana amadziwa kuti waya ukaupinda uku ndi uku pamalo amodzi, umayamba wauma kaye kenako n'kuduka. Khosi limene ladutsa m'zikombole kawiri kapena katatu lafika pafupi ndi pamenepo, ndipo likapanda kufewetsedwa limang'ambika pa kuombera koyamba kapena kwachiwiri. Kufewetsa kumachitika potenthetsa khosi ndi phewa kwa timasekondi tochepa mpaka pafupifupi madigiri 400, khoko likuzungulira kuti moto ufike mbali zonse mofanana. Ena amapaka utoto wapadera umene umasungunuka pa kutentha kodziwika, ndipo ena masiku ano ali ndi makina a magetsi. Chofunika kuposa zonse n'chakuti kutenthako kusafike kutsinde. Tsinde linaumitsidwa dala ku fakitale kuti lipirire mphamvu yonse ija, ndipo likafewa silionetsa chizindikiro chilichonse mpaka tsiku limene lidzaphulike. Pa chifukwa chimenechi, khoko limene linakhalapo m'moto, kaya nyumba inapsa kaya wina analiumitsa mu uvuni yotentha kwambiri, ndi lotaya basi. Khoko lofewetsedwa bwino limasintha mtundu kuyambira pakhosi kutsika pang'ono kupitirira phewa, n'kuoneka lofiirira mosakanikira ndi kabuluu, ndipo mtundu womwewo mumauona pa zipolopolo zatsopano za asilikali zimene sizipukutidwa zikachoka pamoto.

Kufunika kwa kufewetsaku anakuphunzira movutikira ndi asilikali a Britain ku India. Zipolopolo zimene zinkasungidwa m'makola a akavalo m'nyengo ya mvula zinkapezeka zitang'ambika makosi zisanaomberedwe n'komwe, ndipo mu 1921 akatswiri anafotokoza kuti mpweya wa amoniya wochokera mumkodzo wa akavalo unkadya mkuwa pamalo pamene unali womangika chifukwa cha kupindidwa. Makoko a .303 a nthawi imeneyo anali ndi chifukwa chapadera chokhalira omangika pakhosi, pakuti wonga wa cordite, umene unali wa timizere titalitali, unkalowetsedwa khoko lisanapangidwe khosi, ndipo likadzaza wonga silikanayandikizidwanso kumoto. Phunziro limeneli likugwirabe ntchito pa benchi ya lero, moti mankhwala opukutira zitsulo amene ali ndi amoniya sayenera kukhudza makoko.

Chotsala ndi chimene amisiri amachitcha headspace, kutanthauza mtunda wochokera pa boliti kufika pa malo amene khoko limatsamira m'chipinda kuti lisapite patsogolo kuposa pamene liyenera. Khoko la mkombero ngati .303 limatsamira pa mkomberowo. Lopanda mkombero wotulukira kunja ngati .30-06 limatsamira paphewa, ndipo la lamba wozungulira kutsinde ngati .375 H&H ya mu 1912 limatsamira pa lamba wake. Phewa la khoko lopanda mkombero likakankhidwira kumbuyo kwambiri, khokolo limayamba lasunthira kutsogolo likamenyedwa pa primer, thupi n'kukakamira ku makoma, kenako tsinde n'kukankhidwira kumbuyo, ndipo mkuwa umatamuka pamwamba pang'ono pa tsindepo. Ukatamuka kangapo, khoko limaduka pawiri m'chipinda. Chizindikiro chake ndi mzere wowala wozungulira khoko, ndipo kawaya kopindidwa kunsonga kakalowetsedwa m'kati kamakodwa m'kangalande pamalo omwewo. Eni Lee-Enfield amalidziwa bwino vutoli, chifukwa zipinda za mfuti zankhondo zinapangidwa zotakasuka kuti zilandire chipolopolo chamatope, ndipo boliti yake imagonja pang'ono pa kuombera. Njira yotalikitsira moyo wa makoko m'mfuti zotere ndi kusabweza phewa kumbuyo koposa pamene pakufunika kuti boliti itseke.

Kusintha kwina chikombole sichingathe, chifukwa chikombole chimangofinya thupi la khoko, sichilifufumitsa. Pamene thupi liyenera kukula kapena phewa kupita patsogolo, ntchitoyo imamalizidwa ndi mfuti yomwe, khoko n'kufufuma pa kuombera koyamba mpaka litatenga maonekedwe a chipinda. Mmisiri wa ku America P.O. Ackley anatchuka ndi njira imeneyi, pokonza zipinda za makoma owongoka ndi phewa la madigiri 40 zimene zimalandirabe chipolopolo cha ku fakitale, ndipo .280 Ackley Improved inakondedwa mpaka kuvomerezedwa ngati chipolopolo cha malonda mu 2008. Chitsanzo china chili ndi mizu pafupi ndi kwathu. Mu 1959 mlenje wa ku America Jack Lott anavulazidwa ndi njati ku Mozambique atailasa ndi .458 Winchester Magnum, ndipo anakhala ndi maganizo akuti khoko la chipolopolocho linali lalifupi kwambiri pa ntchito yake. Mu 1971 anatulutsa .458 Lott, imene khoko lake ndi la .375 H&H lowongoledwa n'kukhala la inchi 2.8, ndipo kwa zaka zambiri amene ankaigwiritsa ntchito ankadzipangira okha makoko mpaka makampani atayamba kuwapanga.

Maganizo anga ndi akuti munthu amene akusintha makoko kuti apulumutse ndalama zochepa walakwitsa masamu. Kupanga .243 kuchokera ku .308, pamene makoko a .243 ali m'sitolo iliyonse ya zamfuti, kumafuna kugula chida chosendera khosi, kuwononga makoko ena panjira, ndi kutaya madzulo angapo, ndipo pamapeto pake mumakhala ndi khoko limene silipambana la ku fakitale. Koma kwa mwini 6mm Musgrave, kapena wa mfuti yakale ya ku Ulaya imene zipolopolo zake zinasiya kupangidwa, lusoli ndi limene limasiyanitsa mfuti yamoyo ndi chitsulo chongosungidwa, ndipo pamenepo ndimaliikira kumbuyo ndi mtima wonse. Ndimachenjezanso za achibale oyandikana koma osafanana ndendende. Anthu amapanga 9.3x62, chipolopolo chimene Otto Bock wa ku Berlin anakonza mu 1905 ndipo chinatchuka mu Africa, kuchokera ku .30-06, koma tsinde la .30-06 ndi locheperako pang'ono, moti khoko limatupa pamwamba pa tsinde likaomberedwa. Popeza makoko enieni a 9.3x62 akupezeka masiku ano, sindiona chifukwa chovomerezera kutupako.

Palinso chinthu chimodzi chimene chikombole, moto ndi mpeni sizingasinthe, ndicho chidindo cha kutsinde. Khoko la Musgrave limene latuluka pa benchi yanga limanenabe kuti .303 British, ndipo lidzanena choncho mpaka litatayidwa. Lamulo loyamba limene aliyense amaphunzitsidwa pogwira mfuti ndi kuwerenga chidindo cha chipolopolo n'kuchiyerekeza ndi zolembedwa pa mpope, koma khoko losinthidwa limaphwanya lamulo limeneli mwakachetechete. Ngozi yake imadalira mbali imene kusinthako kwalowera. Mutu waung'ono m'mpope waukulu umangosochera, koma mutu waukulu m'mpope waung'ono umaphulitsa mfuti. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi .300 Blackout, imene inavomerezedwa ku America mu 2011 ndipo ambiri amaipanga podula makoko a .223 kuchoka pa mamilimita 45 kufika pa 35. Chipolopolo chotere chimatha kulowa m'chipinda cha .223 n'kutsekeka, chidindo chake chikunena kuti .223, koma mutu wake ndi wa inchi 0.308 pamene mpope ndi wa 0.224, ndipo mfuti zambiri zaphulika m'manja mwa eni ake mwanjira imeneyi. Makampani amaiopa ngozi yotere kuyambira kale, moti pamene Remington inkatulutsa .280 mu 1957 inasunthira dala phewa lake patsogolo pang'ono kuti chisatsekeke m'chipinda cha .270.

Fakitale ili ndi akatswiri, zida zoyezera mphamvu ya mpweya ndi dzina loti iliteteze. Munthu akasintha khoko, udindo wonse umene fakitale inasenza podinda chidindo chija umagwera pa iye, ndipo sindikuona njira ina youkwaniritsira koposa kulemba. Bokosi lililonse liyenera kunena mtundu weniweni wa chipolopolo, khoko limene chinachokera, tsiku, ndi kuchuluka kwa maulendo amene makokowo adzazidwa. Ine ndimapakanso inki yofiira kutsinde kwa khoko lililonse losinthidwa, kuti ngakhale litagwa m'bokosi n'kusakanikirana ndi ena lidzioneke. Amene ali ndi mfuti ziwiri za banja limodzi, monga .303 ndi Musgrave, sayenera kupita nazo kokaombera tsiku limodzi ngati angathe kupewa, ndipo ngati sangathe, patebulo pazikhala bokosi limodzi lokha nthawi iliyonse. Zipolopolo zotere sizipatsidwa kwa mnzako, ngakhale akhale ndi mfuti ya dzina lofanana, chifukwa zinayezedwa pa chipinda chimodzi chokha.

Vuto lalikulu limadza mwini benchi akamwalira. Kuno kumachitika kawirikawiri kuti mfuti ya malemu ikusamutsidwira kwa mwana kapena kugulitsidwa kudzera mwa wamalonda wovomerezeka, ndipo pamodzi nayo pamabwera mabokosi a zipolopolo zodzaza pamanja, zina zolembedwa ndi pensulo imene inafufutika, zina zosalembedwa n'komwe. Wolandira sangadziwe wonga umene uli m'katimo, sangadziwe ngati makosi anayezedwa, ndipo chidindo sichingamuthandize. Zipolopolo zotere siziyenera kuomberedwa, ngakhale malemuyo ankadziwika kuti anali wosamala kwambiri. Ziperekedwe kwa wamalonda wa zamfuti kapena kupolisi, kapena ngati wolandirayo ali ndi chilolezo ndi zida zake, azule mitu yonse, wonga wosadziwikawo autaye motsatira malangizo a opanga, ndipo khoko lililonse aliyeze kuyambira kutsinde mpaka kumlomo asanaganize zolidzazanso.